Mtedza wa Amake Tadiwa

Mlanduwu unakhudza anthu atatu: ine Bambo Phiri, mkulu wa mpingo kuno ku Mbizo, amene ndinalemba nthawi za anthu pamgodi zaka zambiri osachedwapo ndi tsiku limodzi, Mayi Phiri, akazi anga, amene ndimawatcha NaBanda, ndi mpongozi wathu, amake Tadiwa. Ndikuulemba ndi manyazi, koma kumishoni anatiphunzitsa kuti cholakwa sachikwirira.

Tadiwa atakwanitsa mwezi, amake anayamba kuda nkhawa. Mwana ankafuna bere pafupipafupi, mabere anafewa, iwo n'kumati mkaka ukuuma. Bambo wa mwanayo, Yohane wathu, anali kuntchito ku Shurugwi. NaBanda anachita zomwe amayi a kuno amachita pofuna kuchulukitsa mkaka. M'mawa uliwonse, asanapite kukagulitsa tomato, ankakazinga mtedza wothira mchere n'kuusiyira mpongozi pakhonde m'mbale yobiriwira yovundikira, pambali pake kapu ya mahewu. Ine nkhani za mabere sindiuzidwa, ndipo sindifunsa.

Ikakwana naini koloko ndimakhala pakhonde ndi Baibulo. Mpongozi ankayamwitsira pomwepo chifukwa cha kadzuwa. Akandiona ankagwada n'kupereka moni wa m'mawa m'chinenero cha kuno, "Mangwanani, baba," n'kulowa m'nyumba ndi mwana, monga mwa ulemu wake. Mbale n'kutsala.

Tsonotu kwathu mbale yovundikira ndi ya bambo wa pakhomo. Ndinapemphera, n'kudya. M'mawa mwake chimodzimodzi. NaBanda poona mbale ikubwerera yoyera anawonjezera mtedza, ine n'kumati ulemu ukukula. Lamlungu ndinafika poyamikira mpongozi wanga pamaso pa madoda a mpingo, kuti atsikana a masiku ano akaphunzire kwa iye.

Patatha milungu iwiri NaBanda ndi mpongozi anapita ndi mwana kusikelo, ndipo anabwera nkhope zikuwala. Sisita wa ku kiliniki anati Tadiwa wanenepa bwino, matewera akunyowa mokwanira, kuyamwa pafupipafupi ndiko kumaitana mkaka, ndipo kufewa kwa bere si kuuma. Koma atafunsa ngati mayiyo akudya bwino, mpongozi anaulula kuti mtedza uja sanaulawepo. Wodyayo sanamutchule.

Nditamva kuti pakhomo panga pali wakuba chakudya cha mayi woyamwitsa, ndinapsa mtima. Ndinavala jekete ndi tayi, n'kuitanitsa bwalo m'chipinda chochezera. Ndinalankhula nthawi yaitali. Ndinati munthu wotere ndi woipa kuposa khoswe, pakuti khoswe sanabatizidwe. Ndinagamuliratu kuti akapezeka, azikazinga yekha mtedzawo panja, msewu wonse ukuona, mwezi wathunthu.

Mpongozi anazyolika, mapewa akugwedezeka. Ndinayesa akulira.

"Chigamulo chimenechi sichisintha, abambo?" anafunsa NaBanda.

"Mawu anga sabwerera."

Anapita kukhitchini, n'kubwera ndi mbale yobiriwira ija, n'kuikhazika patsogolo panga.

"Iyi ndi yanga ya m'mawa," ndinatero. Ndisanatseke pakamwa, ndinazindikira kuti khoswe uja ndine.

"Sikelo yati Tadiwa wanenepa," anatero NaBanda mofatsa. "Inu sitikupimani ayi. Lamba wanu waulula kale, mwasuntha bowo."

Mpongozi anathawira panja ndi mwana, kuseka kukumveka mpaka kumpopi.

Ndinayesa kuchita apilo, kuti mbale inali yovundikira ndipo palibe anandichenjeza. NaBanda anandifunsa ngati mpongozi wamakhalidwe, yemwe ndinamutama kutchalitchi uja, angalande mbale m'manja mwa apongozi ake. Kenaka anandikumbutsa kuti mawu anga sabwerera.

Chigamulo ndinachilandira ndekha, pakuti woweruza ndi woweruzidwa tinali munthu mmodzi. Mwezi wonse ndinakazinga mtedza pambaula kunja kwa geti, tayi ili m'khosi, madoda aja akudutsa n'kumandipatsa moni mokweza, ena n'kumafunsa ngati mkaka wayamba kutuluka. Mpongozi anadya, Tadiwa anayamwa mpaka masaya kulendewera.

Woweruza asanagamule, ayambe wayang'ana lamba wake.