Tsiku Limene a Kachigamba Anathamangira Makomo Awiri

Mwambi uwu chiyambi chake ndi chotere, ndipo musamvere aphunzitsi amene amati unachokera kwa alenje akalekale. Unabadwira pa ofesi ina ya boma ine ndikuona ndi maso angawa, masiku amene ndinkataipa makalata kumeneko ndili mtsikana. Inu amene mwangolembedwa kumene ntchito, nsapato zikadali kung'anima, tcherani khutu.

Pa ofesipo panali bambo wina dzina lawo a Filimoni Kachigamba, kalaliki wosunga mafayilo. Anakhala pa giredi imodzimodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, pa mpando womwewo, mpaka mpandowo unachita dzenje. Sanali munthu woipa ayi. Vuto lawo linali mantha. Ankaopa bwana, ankaopa anzawo, telefoni ikalira ankadzidzimuka. Kunatsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito, ndipo mukudziwa kuti penshoni imatsata giredi imene munthu wapumira. Choncho mtima wawo wonse unali pa chinthu chimodzi: kukwera kamodzi kokha asanapite kumudzi, kuti iwo ndi akazi awo, a Nangondo, asakazunzike muukalamba.

Chaka chimenecho kunabwera kalata kuchokera kulikulu. Inati zokwezedwa chifukwa cha zaka zatha. Kuyambira tsopano aliyense azilemba fomu yofotokoza zimene wagwira, bwana azipereka malikisi, ndipo wa malikisi ambiri ndiye azikwera. Makope ake ndinataipa ndine, mtima ukundiwawa.

Yuniyoni, bungwe lathu la ogwira ntchito, inakanitsitsa. Mtsogoleri wake, mayi Chimbalanga, anatisonkhanitsa nati, "Anzanga, malikisiwa apereka ndani? Si bwana Mlongoti omwewa, amene sadziwa n'komwe kuti enafe tili ndi mayina? Dalaivala galimoto yake ili pa miyala chaka chachiwiri chino, mumuyesa bwanji? Mlangizi alibe ndi njinga yomwe, mumuyesa bwanji? Mapeto ake malikisi adzapita kwa wobweretsa nkhuku. Fomu imeneyi wina asaigwire!"

Bwana Mlongoti atamva, analengeza kuti mafomu alandira Lachisanu, ndipo chitsulo cha masana chikangolira atseka chitseko. Mayi Chimbalanga nawo anabwezera: Lachisanu lomwelo aliyense amange kansalu kofiira pamkono, adzalembe dzina m'buku la okana. Chitsulo chikalira buku litsekedwa, ndipo amene dzina lake mulibe, tikadzapambana asadzatiyang'ane.

Lachinayi a Kachigamba anabwera pa tebulo langa, maso ali mwazimwazi.

"Achemwali, ndigawireniko nzeru. Kodi apambane ndani pamenepa?"

"Ine si mlosi, a Kachigamba. Sankhani kumodzi, zikavuta muvutike ndi anzanu."

"Kumodzi?" Anaseka motsitsa. "Inu mudakali ndi zaka, mukhoza kulakwitsa. Ine chaka n'chimodzi basi. Ndaganiza bwino, ndilemba konse. Bwana akapambana, fomu yanga ili m'kabati mwake. Amayi akapambana, dzina langa lili m'buku."

Ndinawauza kuti anthu ali ndi maso, koma mawu anga anangolowa khutu ili n'kutulukira linali. Tsiku lomwelo analemba fomu yawo, masamba anayi, ndipo mwa chizolowezi cha ntchito yawo anadinda chidindo cha boma tsamba lililonse, kawirikawiri, inki yabuluu ili thithithi. Kansalu kofiira nako anakalandira. Kanali ka nsalu yotchipa ya pamsika, yosachedwa kusuluka.

Tsopano mumvetse malo ake. Yuniyoni inkakumana kumunsi, m'chipinda chakale chosungiramo makasu ndi matayala, chopanda zenera. Tinkachitcha Phanga la Kumunsi. Ofesi ya bwana inali kumtunda, makatani otseka tsiku lonse poopa anthu odzadandaula, ndiye inali Phanga la Kumtunda. Pakati panali bwalo lalikulu ngati la mpira, lopanda ngakhale mtengo umodzi.

Lachisanu linakwana, kumwamba kuli bii. A Kachigamba anavala malaya awo oyera a kutchalitchi. Fomu anaipinda n'kuibisa m'kati mwa malaya, pachifuwa, kansalu n'kumanga pamkono, natsikira ku Phanga la Kumunsi. Anapeza mzere wautali, chifukwa aliyense akalemba dzina ankafuna alankhuleponso pang'ono. Ali pamzerepo anamva wina akunong'oneza mnzake kuti, "Akuti kumtunda oyamba kupereka ndi amene apatsidwe malikisi ambiri."

"Pepani abale, m'mimba mwandipotokola," anatero a Kachigamba, n'kutuluka.

Pakati pa bwalo anamasula kansalu kaja n'kuika m'thumba la malaya. Mvula inali itayamba kuwaza. Atafika ku Phanga la Kumtunda anapeza anthu asanu ndi mmodzi ali pamzere, aliyense atazolika ngati ali pamaliro. Anaima kumbuyo kwawo. Anthu awiri atalowa, kumunsi kunamveka nthungululu ndi kuwomba m'manja.

"Mayo ine, boma lagonja!" anatero a Kachigamba. "Ndipo dzina langa mulibe!"

Anabwerera liwiro, akumanga kansalu ndi mano. Atafika anapeza kuti nthungululuzo zinali za chidebe cha thobwa chimene amayi ena anabweretsa. Malo awo pamzere anali atapita, anayambiranso kumchira, kunja kwa chitseko, ndipo apa mvula inali itatsika yeniyeni. Munthu wanzeru akadangopirira pomwepo. Kutsogolo kwawo kunali anthu asanu okha. Koma anacheuka, n'kuona dalaivala uja akutuluka kwa bwana mano ali pamtunda. Tinamva pambuyo pake kuti ankangosangalala poona mvula, chifukwa anali atadzala chimanga chake pouma. A Kachigamba anati basi, malikisi akugawidwa ngati mtedza. Kansalu m'thumba, ulendo wa kumtunda.

Ulendo uno anapeza mzere watha, bwana Mlongoti ataima pakhomo akuyang'ana wotchi. Bwana anawayang'ana n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"A Kachigamba, mwabayidwa kodi?"

A Kachigamba anadziyang'ana. Kansalu kaja kanali katasuluka. Thumba lonse linali psuu, ndipo pamkono panali mzere wofiira wozungulira, pomwe pankakhala mfundo.

"Si magazi ayi, bwana."

"Ndikuona kuti si magazi. Ndiye mwabwera kudzandiimbira nyimbo za kumunsi?"

"Ayi bwana, ndabweretsa fomu. Ine ndili mbali yanu kuyambira kale." Anapisa dzanja m'malaya, koma chimene anatulutsa sichinalinso fomu. Linali phala la mapepala, likuchucha madzi abuluu.

"Ndipereke malikisi pa chimenechi?" anafunsa bwana. "Pitani kwa anzanu ofiira." Chitseko chinatsekedwa, loko n'kulira.

Kunatsala mphindi zochepa. Bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi anathamanganso bwalo lija kachinayi, nsapato imodzi n'kutsala m'matope. Anafika pa Phanga la Kumunsi akupuma mwa befu, mayi Chimbalanga ali pakhomo, buku lili m'manja.

"Amayi, cholembera! M'mimba muja mwaleka."

Mayi Chimbalanga anawayang'anitsitsa a Kachigamba. Ankayang'ana pachifuwa pawo. Inki ija inali itadutsa malaya, ndipo chidindo cha boma chinkaoneka bwinobwino, chozungulira, malo awiri.

"Chimbudzi chake chili ndi chidindo, a Kachigamba?"

Anthu anaseka. Ine ndinali m'katimo, wouma, kapu ya thobwa ili m'manja, ndipo sindinanene kanthu. Mpaka lero zimandichititsa manyazi. Munthu uja anatisungira mafayilo athu zaka zonsezo osataya ngakhale limodzi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti mulekeni alembe.

"Ndapota nanu amayi, kwanditsalira chaka chimodzi," anatero a Kachigamba.

"Amene boma lamudinda ndi wa boma," anayankha mayi Chimbalanga. Nthawi yomweyo chitsulo chinalira, buku linatsekedwa, chitseko nachonso.

Ndinasuzumira pa mng'alu. A Kachigamba anabwerera mpaka pakati pa bwalo n'kuima pomwepo, nsapato imodzi, mbali ina yofiira, ina yabuluu, akuyang'ana kumtunda, akuyang'ana kumunsi, mvula ikuwakhuthukira. Anaima nthawi yaitali ndithu. Sabata yomweyo anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo.

Mkangano unatenga miyezi itatu. Mapeto ake akuluakulu anagwirizana zoti aliyense apulumutse nkhope yake: amene anapereka mafomu akwere ndi malikisi, amene analemba m'buku akwere ndi pangano. Dalaivala anakwera. Wobweretsa nkhuku anakwera. Inenso ndinakwera. Mindandanda yonse iwiri ndinataipa ndine, ndipo ndinaiwerenga katatu kufunafuna dzina limodzi, koma munalibe.

Palibe amene ankafuna kukawauza, ndiye ndinapita ndine. Ndinawapeza kunyumba atakhala pa mpando akutsokomolabe, ataonda. A Nangondo anali atabwera kuchokera kumudzi kudzawadwazika, ndipo mwamuna wawo anali asanawauze chimene chinachitika. Nditanena uthenga wanga, a Kachigamba anangoweramitsa mutu. A Nangondo anandiyang'ana ine, kenaka iwo.

"Ndiye kuti onse akwera, kupatula inu?"

"Eya."

"Chifukwa cha mvula ija?"

"Eya."

"Abambo, zaka zonsezi ndakhala ndikulima ndekha, ndikuti dikira, adzakwera. Kodi pa ofesi ponsepo panalibe pobisala mvula?"

"Panali. Mapanga analipo awiri."

"Awiri! Nanga munavumbwa bwanji?"

A Kachigamba anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya, anayankha ndi mawu otsika, ndipo zimene ananenazo ndinazitengera ku ofesi, zinafalikira mpaka lero mukuzimva kulikonse:

"N'chifukwa chake, mayi. Mapanga awiri avumbwitsa."