Mdzukulu Mmodzi, Abusa Awiri

Lolemba

Zandikwana! Nyumba yanga ino yasanduka bwalo la milandu. Lameki, mwana wanga, akugona pamkeka pabalaza. Mkazi wake Etinala akugona kuchipinda ndi khanda. Sakulankhulana. Wina akafuna mchere, mawu amadzera kwa ine: "Amayi, tawauzani andipatsire mchere." Anthu akhala mphasa imodzi!

Nkhani ndi ya Esita, mdzukulu wanga wa miyezi iwiri, yemwe mpaka lero sanadalitsidwe kutchalitchi. Lameki akuti amudalitse Abusa Chimwaza, komwe timapemphera ine ndi iye. Etinala akuti amudalitse Abusa Dzonzi, omwe ndi amalume ake. Akuti zikapanda kutero Lamulungu lino, anyamula mwana abwerera kwa makolo ake ku Kaliyeka. Chikwama waika kale pamwamba pa kabati kuti ndizichiona.

Chondiwawa n'chakuti mpingowu unali umodzi. Tonse tinkapemphera m'kalasi imodzi kupulayimale yakuno ku Area 23. Chaka chatha pamaliro a mkulu wa mpingo, minibasi ya a Chimwaza inafera pa Biwi. Dzuwa likupendeka, anthu njala, a Dzonzi omwe anali achiwiri awo anangoika malirowo. A Chimwaza anafika anthu akutsuka kale makasu. Mpingo unang'ambikira pomwepo. Lero ife timachita lendi kalasi ya 5A, iwo 5B, ndipo khoma lapakati silifika kudenga. Tikamati Amen kuno, timakhala tikuvomera ulaliki wa uko.

Katundu anagawana chonchi:
kiyibodi kwa ife, chingwe chake kwa iwo;
sipika kwa iwo, maikolofoni kwa ife;
timakapu ta mgonero kwa ife, thireyi yake kwa iwo.
Kiyibodi ija sinalirepo chiyambire. Anthu a ndevu zawo!

Pulani yanga: Lamulungu abusa onse awiri amugwire mwanayu pamodzi, pemphero limodzi, ukwati wa mwana wanga upulumuke, mdzukulu akhale pano. Ine ndimagulitsa kaunjika. Tsiku ndi tsiku ndimaleretsa amayi awiri okanganirana siketi imodzi. Abusa awiri andikanike?

Lachiwiri

M'mawa, kwa Abusa Chimwaza. Andilandira bwino, tiyi wa mkaka. Avomera! Atsegula Baibulo n'kundiwerengera zoti mpingo ndi thupi limodzi la ziwalo zambiri. Ine mtima mbee. Kenako akutseka bukulo n'kuti: "Ndiye mwamva nokha, mayi. Ine ndine mutu, a Dzonzi ndi dzanja. Dzanja libwere ku 5A, lipepese pamaso pa mpingo, ndipo lisaiwale chingwe."

Masana, kwa Abusa Dzonzi ku Kawale. Minibasi yodzaza, nkhuku ya munthu pamiyendo panga. Nawonso avomera! Nawonso atsegula Baibulo, mtundu womwewo, chikuto chomwecho. Akuwerenga zoti munthu asanapereke nsembe ayambe wakayanjana ndi m'bale wake. "Vesi imeneyi, mayi, mukawawerengere a Chimwaza. Ine ndili pa 5B, chitseko n'chotsegula."

Aliyense ali ndi vesi ya umodzi, koma ndi yowerengera mnzake. Palibe amene wapeza yakeyake.

Benchi langa kumsika lakhala lovundikira tsiku lonse. Belo yatsopano ya zovala za ana anzanga asankha kale zabwino.

Lachitatu

Chabwino. Asalowe kwa mnzake. Tichitire panja, pansi pa mtengo wa mango uli pabwalo la sukulu. Mtengo ulibe mpingo.

Uthenga ndautumiza kudzera kwa amayi abusa onse awiri, poganiza kuti akazi anzanga amva msanga. Kalanga ine! Mayankho abwera dzuwa lisanapendeke:

mtengowo wayandikira kwambiri ku 5B;
mthunzi wake m'mawa umagwera ku 5A;
ndani agwire kumutu kwa mwana, ndani kumiyendo? Akuti wogwira kumiyendo aoneka ngati dikoni;
ndani atseke pemphero? Akuti wotseka ndiye mwini nkhosa;
amayi avale mipango yoyera ya kwathu kapena yobiriwira ya kwawo?

Ndawayankha kuti abwere opanda mipango, mitu ipite mphepo, mwina nzeru zilowa. Amayi abusa a Chimwaza akuti mawu amenewo awasunga.

Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndikudziwa. Koma awa si atambala, ndi anthu oti Lamulungu lililonse amatiuza kuti tikondane. Mtumwi uja anafunsa kale mpingo wolongolola ngati Khristu anagawidwa pakati. Akanafika ku Area 23 sakanafunsa, akanangoona chingwe cha kiyibodi.

Kunyumba zinthu zikuipiraipira. Etinala wayamba kupinda matewera n'kumaika m'chikwama, limodzilimodzi, ine ndikuona. Lameki akudya chozyolika atayang'ana kukhoma. Ndamunyamula Esita, wandigwira chala osafuna kusiya. Ndalira, ndipo zandikwiyitsa kuti ndalira.

Lachinayi

Akuluampingo a mbali zonse akumana kuseri kwa msika. Koyamba chipatukire! Andiitana ndikamve zotsatira. Ndikupita mtima uli m'malere, ndavala ndi chitenje chabwino.

Oyankhula ndi a Gwaza, mlembi wa kwathu ku 5A, nkhope ili ngwee ngati apeza mankhwala a malungo. "Mayi, nkhani yatha. Khoma lija silifika kudenga. Tiika desiki uku, desiki uko. A Chimwaza ampempherera mwana ku 5A, akwera padesiki, ampereka pamwamba pa khoma, a Dzonzi alandira ku 5B. Palibe woponda kwa mnzake."

Anthu aomba m'manja. Aomba m'manja!

Mdzukulu wanga ndi njerwa? Ndi ndowa ya matope yopatsirana pomanga? Pamwamba pa khoma pamenepo pali fumbi la chiyambire sukuluyo, akangaude, ndi ndowe za mileme. A Chimwaza mawondo awo ndi oti pokwera minibasi kondakitala amachita kuwakankha. Ndawafunsa kuti akagwa naye, adzadalitsa ndani? A Gwaza akuti adzaika madikoni awiri ogwira desiki.

Ndisanamalize kukalipa, ayamba kukangana okhaokha. Mwana achokere ku A kupita ku B, kapena ku B kupita ku A? Akuti dalitso lomaliza limakwirira loyamba. Wina akuti ndiye adutse kawiri, apite abwere. Wina waponya chipewa pansi.

Mfumu ija ya m'Baibulo itaitanitsa lupanga kuti igawe mwana, panapezeka mayi mmodzi woti ayi, msiyeni wamoyo. Pano abambo odzaza benchi, palibe ndi mmodzi yemwe.

Ndachoka osatsanzika. Chitenje changa chakodwa pamsomali, chang'ambika.

Lachisanu

Nkhani ya khoma yafika pakiyosiki ya madzi ine ndisanafike. Ndikungoima pamzere, wina akukweza chidebe m'mwamba n'kumati, "Landirani, abusa!" Mzere wonse kuseka.

Zomwe ndamva za ine lero:
a 5A akuti a Dzonzi andigula ndi tiyi (sanandipatse ndi madzi omwe);
a 5B akuti ndine kazitape wa a Chimwaza;
wina akuti ndikufuna ubusa.

Masana kwabwera uthenga wa Abusa Chimwaza. Ndayamba ndaimitsidwa kudya mgonero "mpaka muone kumene mwaima." Ine! Amene ndakhala ndikusesa kalasi imeneyo, kukoka madesiki, kufufuta masamu a ana pabolodi kuti alembepo nyimbo, kuyambira Lameki ali ndi makabudula obooka. Timakapu timene akundimanato ndimatsuka ndine.

Ndisanapume, a Gwaza ali pakhomo, chipewa m'manja. Akuti nawonso zawakhudza. "Ife okonda umodzi tilipo angapo, mayi. Kalasi ya 6A ilibe munthu Lamulungu. Inu mudzakhala mkulu wa amayi, ine ndizilalikira." Ndawaonetsa chipata ndi tsache. Mpingo wachitatu, pa mdzukulu wanga!

Koma madzulo kwachitika chodabwitsa. Lameki wamva za khoma kuntchito, Etinala wamva kusikelo. Alowa kuchipinda onse awiri, atseka chitseko. Ndikumva akuyankhulana. Poyamba motsitsa, kenako Etinala waseka, kuseka kwenikweni. Ndazimitsa wailesi kuti ndimve bwino, iwo atsitsanso mawu.

Kaya. Bola akuyankhulana.

Loweruka

Mkeka wa pabalaza wapindidwa! Lameki wagona kuchipinda. Chikwama chachoka pakabati. M'mawa Etinala wamuikira madzi osamba, iye wamugwirira mwana. Atuluka onse atatu, akuti akukaona mnzawo. Ndawayang'ana mpaka pakona, Lameki atanyamula ambulera.

Ndiye kuti pulani yanga sinafe. Ana agwirizana, atsala akuluakulu.

Ndafukula belo yonse mpaka ndapeza kadiresi koyera, kazingwe kumsana, kopanda banga. Mayi wina amafuna kukagula, ndamulanda m'manja. Ndakachapa, ndakasita ndi simbi yamakala poti magetsi azima kuyambira m'mawa.

Ndapitanso kwa abusa, ulendo womaliza, ulemu wonse ndausiya kunyumba. Kwa a Chimwaza akuti ali m'mapemphero osala kudya, sakuonana ndi munthu. Fungo la nyama yootcha likuchokera kuseri. Kwa a Dzonzi akuti apita kuphiri, koma nsapato zawo zili pakhomo ndipo wina akutsokomola kuchipinda. Ndaima pabwalo n'kukuwa kuti mawa ndidzaima ndi mwana pakhonde la sukulu, pakati penipeni pa zitseko ziwirizo, ndipo amene ali m'busa weniweni adzatuluke. Makatani agwedezeka.

Ana abwera dzuwa litalowa, atopa, mapazi ali mbuu. Ndawauza za khonde. Ayang'anana. Lameki akuti, "Tikambirana mawa, Amayi." Etinala wakonda kadiresi.

Lamulungu

Kunja kukungoyera, pikapu ili pachipata. Bedi lawo lili kale pamwamba, lomangidwa ndi zingwe.

Andikhazika pampando ngati mlendo. Lameki akuyang'ana pansi. "Amayi, mwana wathu wasanduka nthabwala ya pakiyosiki. Sitikufunanso 5A kapena 5B. Dzulo tapeza chipinda ku Area 25. Kuli katchalitchi pafupi, sakutidziwa, sitikuwadziwa." Etinala wagwada. "Tagwirizana, Amayi. Si zimene mumafuna?"

Ndi zimene ndimafuna. Ndinene chiyani?

Ndapempha ndipite nawo. Lameki akuti lero ayi, a Gwaza angamve n'kutilondola, ndidzabwere zinthu zikazizira. Mwana amene ndinamubereka ndekha akundiuza kuti ndidzabwere zikazizira! Esita ndamuveka ndekha kadiresi kaja, kamukwana bwinobwino. Ndamupereka kwa amake m'galimoto.

Kusukulu sindinapite. Kuchokera pano nyimbo zikumveka, mbali zonse ziwiri nyimbo imodzimodzi, wina patsogolo wina pambuyo. Aziimba.

Masana Lameki wafulasha. Ndamuimbira ndi timayunitsi totsala.

"Zatheka, Amayi. Wadalitsidwa. Sanalire n'komwe."

"Anamugwira ndani?"

"Abusa akuno."

"Dzina lawo ndani?"

"Aa, sitinafunse."

Foni yaduka. Kuti ndikamuone Esita tsopano ndi maminibasi awiri, kudzera m'tauni. Matewera awiri aiwala pachingwe, auma kale. Sindianula lero.