Mphenzi Siinapite ku Koleji

Kuno ku Zomba kuli banja lina limene mpaka lero, mitambo ikangoda, limandiimbira foni kundifunsa kuti ndavala chiyani. Banjalo ndi la akazi anga. Sindidandaula, ndinaziputa ndekha.

Ndiyambe ndi maphunziro anga, kuti mudziwe kuti wokambayu si munthu wamba. Ndinaphunzirapo jogalafe pakoleji mpaka chapakati pa chaka chachiwiri, pamene ine ndi kolejiyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere (nkhaniyo anaiyambitsa ndi iwowo). Anzanga anachoka ndi madigiri. Ine ndinachoka ndi matiresi, ketulo yamagetsi ndi chizolowezi chimodzi: kuonerera mphenzi. Tikukhala ku Chikanda, mvula ikamabwera anzanga ankathamangira kukaanula zovala, ine n'kukhala pakhonde kumawerenga chamumtima kuyambira pamene kwang'anima mpaka bingu litagunda. Mukawerenga nthawi yaitali, mphenzi ili kutali. Mukawerenga pang'ono, ili pafupi. Mukalephera n'kuyamba komwe, abale anu ayambe kufunsa za matabwa.

Tsono ndinapeza mbeta ku Sadzi, dzina lake Esinati. Bambo ake anavomera, mayi ake sanakane, koma mukudziwa kuti kuno bambo amangobereka; mwini mbumba ndi atsibweni. Atsibweni a Esinati, a Bonifesi, amagwira ntchito ku Joni. Atamva kuti mwana wa mlongo wawo akufuna kukwatiwa ndi munthu wosiyira koleji panjira, wokonza mafoni pakabenchi ku Matawale, anati chinkhoswe chiyambe chaima, abwera adzandione ndi maso awo. Akadzati ayi, ndiye kuti ayi. Ndipo ntchito yokawatenga kubwalo la ndege ku Chileka inapatsidwa kwa ine, kuti akandione ndili pachiwongolero ngati munthu wa tsogolo.

Munali mu Disembala, petulo akusowa. Galimoto ndinabwereka kwa mkulu wina wa kutchalitchi, ndipo nditatandala pamzere ndinapeza mafuta a ulendo umodzi wokha: kupita ndi kubwera, osatsokomola panjira. Chinkandidetsa nkhawa n'chakuti masiku omwewo aneba athu anapita ku Chileka kukalandira mwana wawo, kunabwera chimvula cha mkuntho, ndege inangozungulirazungulira m'mwamba n'kukatera ku Lilongwe. Anebawo anabwerako opanda mwana, opanda mafuta. Ine ndinalumbira kuti zoterozo sizingachitikire munthu wa jogalafe.

Tsikulo ndinatchena: malaya ofiira ndi thalauza la marooni, zonse za pakaunjika koma zosita mpaka kuthwa. Esinati atandiona anati ndikuoneka ngati phwetekere wa padimba. Ndinazitenga ngati chiyamikiro. Iye anatsala kuphika, ndipo amene anakwera nane anali mayi ake, apongozi anga am'tsogolo, kuti akalandire mlongo wawo.

Apongoziwo ndi munthu wa mwambo. Mkamwini sayang'anana naye m'maso, salankhulana naye mwachisawawa. Anakhala kumpando wa kumbuyo atanyamula dengu la mango pamiyendo (a Bonifesi amati mango a ku Joni amakoma ngati sopo), ndipo chilichonse chofuna kundiuza ankauza mangowo.

Tisanatuluke m'tauni ndinaona kuti mbali ya ku Blantyre kwada bii. Apa m'pamene nzeru inandifikira, ndipo ndikadadziwa ndikadaiuza kuti ibwere mawa. Ndinaganiza kuti m'malo mowotcha mafuta onse pachabe, ndikwere kaye kuphiri, pamalo ena poonekera dziko lonse, ndikaone ngati ndege ingatere. Ndinakhotera msewu wa kuphiri.

"Anthu ena," anatero apongozi pouza mango, "ankati tikupita ku Chileka."

"Mayi, tikukaona kaye mlengalenga," ndinatero. "Woyendetsa ndege nayenso asanatere amayamba wayang'ana. Ife tikungomuthandiza."

Mango sanayankhe.

Pamwamba paja, abale anga, kunali kokongola. Mitambo inaunjikana ngati matumba a makala, ndipo mkati mwake ziphaliwali zinkathamangitsana mwakachetechete, china chotsika molunjika, china chochita nthambi ngati mizu ya mtengo. Ndinatuluka m'galimoto, manja kumbuyo, n'kuyamba kuwerenga. Ndinawerenga nthawi yaitali ndithu bingu lisanamveke. Kenaka ndinabwera pawindo, maso ndili pansi mwaulemu, n'kupereka chigamulo.

"Mayi, chimvula icho chili pa Chileka penipeni. Lero sikutera ndege. Atsibweni akagona ku Lilongwe. Tapulumutsa mafuta."

"Anthu ena akadangopita kukaona," anatero apongozi.

Ndinati tidikire pang'ono, nditsimikize. Kunena zoona ndinkafuna kuonerera. Ndinawerenganso, bingu linabwera msangako. Ndinawerenga kachitatu, linandidula pakamwa. Zomwe ndinkati zili pa Chileka zinali cha ku Thondwe, ndipo sizinkapita kukasokoneza ndege ayi, zinkabwera kudzaona ine. (Mutu wa kayendedwe ka mitambo tinkayenera kuuphunzira teremu yomwe ndinachokayo.)

Mphepo inayamba kuweramitsa mitengo ya paini, madontho akuluakulu ngati ndalama zachitsulo, kenaka matalala. Ndinathawira m'galimoto. Apongozi anali atathimitsa kale foni yawo, poti foni imaitana mphenzi. Anandipatsira mpango kudzera pakati pa mipando.

"Galasi ilo liphimbidwe."

Ndinaphimba galasi loonera kumbuyo. Imeneyo sinali nkhondo yoti n'kumenya.

"Ndipo anthu ena avala zofiira."

Apa ndiye ndinaona kuti sayansi ikunyozedwa. Ndinakonza kukhosi n'kufotokozera mango kuti mphenzi ilibe maso, siidziwa mitundu ya zovala, zoti zofiira zimaikoka ndi nkhani za kumudzi chabe. Ndinawonjezera kuti m'galimoto ndi malo otetezeka kwambiri chifukwa magetsiwo amangoyenda pachitsulo cha kunja n'kulowa pansi. Ndinali pakati pa kunena kuti "akatswiri anafufuza," pamene dziko lonse linayera mbuu, n'kumveka chiphokoso chomwe sindinachimve ndi makutu koma ndi mano. Mtengo wa paini womwe unali patsogolo pathu unang'ambika pakati, n'kugwa mopingasa msewu, utsi uli tolotolo.

Sindinawerenge kanthu.

Sindikumbukira kuti mabatani ndinamasula bwanji. Ndimangokumbukira malaya anga akuuluka pawindo kulowera kuphompho, ndipo amene anawaponya ndinali ine, ndi mkono wa sayansi womwewo.

"Vesiti," anatero apongozi, maso ali pamango.

Vesitiyo inali ya timu yanga ya mpira. Simufunika kufunsa mtundu wake. Inatsatira malaya.

Kunang'animanso, galimoto inanjenjemera. Kenaka mawu a kumbuyo aja:

"Thalauza."

"Mayi," ndinatero ndi mawu aang'ono, "ili ndi la marooni. Marooni si chofiira. Ali pakati pa chofiira ndi chakhofi."

Apa apongozi anasiya mango. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni analankhula ndi ine mwachindunji, ndipo mawu oyamba omwe apongozi anga anandiuza pamoyo wanga ndi awa:

"Bambo, mphenzi siinapite ku koleji. Siisiyanitsa. Vulani."

Bingu linavomereza. Apongozi anatembenukira kuwindo, n'kumasula chitenje chomwe anafunda paphewa, cha gulu la amayi a kutchalitchi, n'kuchiponya kutsogolo. Kuvula thalauza uli pachiwongolero, apongozi ali kumbuyo akuimba nyimbo ya maliro chapansipansi, ndi phunziro lomwe kulibe koleji imaphunzitsa. Ndinalikulunga n'kuliponya kutali kwambiri, kuti mphenziyo ikalifune komweko. Lili m'malere ndinamva kulemera kwake kuti n'kwachilendo. M'thumba munali foni yanga.

Ndiye tinakhala. Foni imodzi ili kuphompho, ina yothimitsa ndipo mwini wake wakana kuiyatsa mpaka kumwamba kutakhululuka. Mtengo uli pamsewu. Ine ndamanga chitenje m'khwapa chifukwa cha kuzizira, pachifuwa panga palembedwa mawu olimbikitsa amayi kukhala odzichepetsa. Tinadya mango awiriawiri.

Mvula itakata panafika amuna ena odula nkhuni ndi nkhwangwa zawo. Mmodzi anabwera pawindo.

"Amayi, tabwezani galimoto pang'ono kuti ti..." Anaona ndevu. "Pepani achimwene. Kapena ndi mpingo watsopano?"

"Dulani mtengo," ndinatero mwaulemu wonse womwe unatsala.

Pomwe tinkatsika phiri dzuwa linali litapendeka, mafuta atatsika, ndipo za ku Chileka zinali zitatha zokha. Ndinapempha kuti tidzere ku Matawale ndikavale. Apongozi anauza mango kuti anthu ena akayambe awatula ku Sadzi, akamve ngati mlongo wawo wafika bwino ku Lilongwe. Ndinadutsa m'tauni yonse nditamira pampando, maso okha ali pamwamba pa chiwongolero ngati ng'ona.

Titafika ku Sadzi, pakhonde panali anthu. Pampando wa pakati panakhala bambo wina wamkulu thupi, atafunda thaulo, mapazi ali m'beseni la madzi otentha. Jekete lake linali pachingwe likudontha. Masutikesi awiri anali chitsegulire, zovala zitayanikidwa pawaya ponse.

Ndinaganiza zokhala m'galimoto mpaka Yesu adzabwere. Koma apongozi anatsika n'kunena mokweza kuti anthu ena atsitse dengu. Ndinatsika. Nsapato zakuda zopolisha, masokosi, chitenje, dengu la mango.

"Uyu ndani?" anafunsa bamboyo.

"Ndi uja, atsibweni," anatero Esinati, atagwira pakamwa. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo mpaka lero amati ankalira.

"Wa jogalafe uja?"

Ndinagwada (m'chitenje kugwada n'kosavuta, amayi akhala akutibisira zimenezi).

A Bonifesi anafotokoza modekha, ngati munthu amene wakhala akukonza mawu ake ulendo wonse. Ndege yawo inatera bwinobwino, dzuwa likuswa mtengo. Anatuluka panja n'kuima poonekera kuti mkamwini asavutike kuwapeza. Anaimba foni yanga, inangolira osayankhidwa. Anaimba ya mlongo wawo, yothima. Ali chiimire choncho chimvula chinafika, chija chinayamba chatimenya ife kuphiri. Ndege ina yomwe inkabwera pambuyo pawo anaimva ikungolira m'mitambo osaoneka, mpaka inabwerera kukatera ku Lilongwe, ndipo yomwe inkayenera kunyamuka inangokhala pansi, anthu ali m'mawindo ngati nkhuku za m'khola. Iwo ananyowa mpaka pasipoti. Kenaka anakwera matola.

"Ndiye ndimve," anatero. "Munali kuti?"

Munthu wanzeru akadapepesa n'kukhala chete. Ine ndinati:

"Atsibweni, monga mwanena nokha, ndege zinalephereka kutera. Kuwerengera kwanga kunali kolondola. Ndege yanu ndiyo inafulumira."

Bambo a Esinati anayamba kuyang'ana kudenga ngati aona malata koyamba. Ndinaona ukwati wanga ukutsatira thalauza kuphompho.

Amene anandiombola ndi apongozi. Anakhala pamkeka, n'kutenga bango limodzi, n'kuyamba kulisenda.

"Achimwene," anatero, "nzeru zake ndi zomwe mwazionazi, sitingawonjezere. Koma ndinati vula malaya, anavula. Vesiti, anavula. Thalauza anayamba wakana, koma anavula. Inu alamu anu awa ndakhala nawo zaka zonsezi, ndikati vulani chipewa m'nyumba amandifunsa chifukwa."

Bambo a Esinati anavula chipewa.

A Bonifesi anandiyang'ana kuyambira kumasokosi mpaka pamawu a pachifuwa aja. Anatulutsa phazi limodzi m'beseni, n'kulibwezeramo.

"Mwamuna amene wadutsa m'tauni ya Zomba masana atavala chitenje cha mlongo wanga," anatero, "kulibenso banja lina lomwe lingamulandire. Tikamukana ife, tchimo likhala lathu. Esinati, mtenge. Koma chitenjecho abweze chochapa, ndipo tsiku lobwerera ku Joni ndikwera basi mpaka ku Chileka. Uyu asayandikire chilichonse chouluka."

Chinkhoswe chinachitika, ukwatinso unachitika. Ndinavala suti yotuwa, yosankha apongozi.

Mukandifunsa chomwe ndinaphunzirapo, ndinganene kuti ukatumidwa ku Chileka uzipita ku Chileka. Koma kuonerera mphenzi sindinasiye; ndimangochitira pawindo, nditavala zotuwa, galasi la kuchipinda litaphimbidwa ndi thaulo (chifukwa cha fumbi). Ndipo ndimanenabe poyera, mopanda mantha, pamaso pa wina aliyense, kuti marooni si chofiira.

Kungoti ndimanena zimenezi mu Julayi.