Nkhondo ya Koyilo ndi Batire Lokalamba

Tcherani khutu, inu nonse okhala pansi pa thambo. Izi zinachitika m'nyengo ija anthu anatopa ndi machesi n'kuyamba kusuta magetsi, nyengo imene amuna aulemu wawo ankayenda ndi timabotolo tonunkhira ngati maswiti m'matumba a jekete, ndipo mitambo sinkachokeranso kumwamba kokha koma ngakhale m'mphuno za anthu. M'nyengo imeneyo munabuka nkhondo. Ine ndinaiona ndi maso angawa. Ndinavulalamonso.

Ndine wogulitsa maloko. Ndimagona kumene basi yatopera. Tsiku limenelo inatopera m'tauni ina imene ndinali ndisanapondemo. Kunja kutada kale. Mvula ikuwaza. Chikwama chikudula phewa. Ndinaona chikwangwani cha nyumba ya alendo, n'kukankha chitseko.

Palibe anandilonjera. Patebulo lolandirira alendo panali pulayala, thonje, ndi tizidutswa ta waya mbwee. Mbali ino kunaima bambo wamimba, maso ofiira. Mbali inayo bambo woonda, magalasi pamphumi, ovololo ili mafuta okhaokha. Pakati pawo, pa kathaulo, panagona kachitsulo konga cholembera chonenepa, penti itasupuka. Chapambali panakhala mayi, makiyi ali lende m'chiuno. Pafupi ndi phazi lawo panali sutikesi yomangidwa ndi lamba.

"Chipinda chilipo?" ndinafunsa.

"Chilipo," anatero mayiwo. "Mwina n'chomaliza chomwe ndipereke m'nyumba muno. Khalani pansi, bambo. Mwafikira kunkhondo."

Ndinakhala. Ankhondowo ndinawadziwa posakhalitsa.

Wamimbayo anali mwamuna wa mayiwo. A Chumuni. Chumuni Wosazima, Mdani wa Makatani Oyera, amene m'masiku a ulemerero wawo ankayatsira ndudu pa kachidutswa ka inzake kuyambira m'mamawa mpaka tulo. Chifuwa chitayamba kulira ngati chitseko chosathira mafuta, adokotala analankhula, ndipo mayi analongedza sutikesi. Lamulo linali limodzi. Tsiku limene a Chumuni adzayatsenso ndudu ya fodya, mayi adzanyamuka kukakhala kwa mchimwene wawo. Sutikesiyo sinamasulidwenso. Inkakhala pamwamba pa kabati. Zinthu zikafika poipa inkatsika. Madzulo amenewo inali itatsika.

Mchimwene wawoyo ndiye woonda uja. A Mpotawaya, Mbuye wa Mamota Opsa, Woukitsa Mafani Akufa, amene ntchito yawo inali kupota waya m'mamota a zigayo ndi mapampu a madzi.

Chimene chinalanditsa a Chumuni ku fodya chinali kachitsulo kaja. Ndudu yamagetsi. Kumunsi batire. Kumtunda kathanki ka madzi onunkhira. M'kati mwa kathankiko muli koyilo, kawaya kopota ngati sipuling'i, thonje litapisidwa pakati. Ukadina batani koyilo imatentha, madzi amasanduka nthunzi, munthu amakoka, mtima n'kukhala pansi. Koyilo ikapsa umagula ina. Koma chitsulo cha a Chumuni chinali chakale moti makoyilo ake anasiya kubwera m'masitolo. Yomaliza inali itapsa dzulo lake. Ndiye anaitana mlamu wawo. Munthu wopota mamota a chigayo angalephere kawaya ka pakamwa?

Makoyilo angapo anali atagona kale m'sosala, ngati asilikali ogwa pankhondo.

"Alendo, mwafika bwino," anatero a Chumuni. "Inu mulibe mbali. Penyani, muweruze."

A Mpotawaya anamangirira koyilo yatsopano. Waya wonenepa, wonyezimira, wopota pang'ono chabe. Anapisa thonje, n'kudonthezera madzi. A Chumuni anadina batani. Kanyali ka pabatire kanaphethira mofiira, phethi phethi, n'kuzima. Nthunzi ayi. Ngakhale kafungo.

Pamenepo a Chumuni anakweza dzanja kudenga.

"Imvani inu makoma a nyumba ino, ndi inu mlendo wonyowa! Batire ili linandibereka kumsana m'masiku a mdima, pamene manja ankanjenjemera ndipo aliyense wosuta pamsewu ankaoneka ngati m'bale wanga. Silinandikanepo, silinadandaulepo, kufikira lero pamene munthu uyu, amene anabwera pa ukwati wanga atavala jekete yobwereka, walidyetsa mawaya a m'chigayo!"

"Jeketeyo inali yanu, alamu, ndipo inkanunkha fodya," anayankha a Mpotawaya, akutsitsira magalasi pamphuno. "Manja awa aukitsa mapampu amene eni ake anali atalira kale maliro. Waya wanga ndi wonenepa chifukwa kunenepa kwa waya ndiye mphamvu. Kafunseni mota iliyonse. Batire lanuli ndi nkhalamba. Likaikidwe m'manda, ine ndithandiza kukumba."

Ndipo anasolola chida chawo m'thumba. Kabokosi kakuda, katsopano, kokhala ndi kagalasi koonetsa manambala. Anachotsa kathanki ka a Chumuni, n'kukamangirira pa kabokosiko. Anadina. Anakoka. Mtambo umene unatuluka unabisa wotchi ya pakhoma, unabisa kalendala, unabisanso mayi mpaka m'mapewa.

"Koyilo ili moyo," anatero kuchokera m'kati mwa mtambowo.

A Chumuni sanagonje. Anatola koyilo yakale ija yakupsa, yogula, n'kuibwezera pa batire lawo. Anadina. Kanyali kanayaka moyera. Anakoka utsi wa thonje lopserera, n'kutsokomola mpaka misozi.

"Batire lili moyo," anatero, atagwira chifuwa.

Onse anali kunena zoona. Umu ndi mmene nkhondo zimatalikira.

"Bwanji osangogwiritsa kabokosi ka alamu anuwo?" ndinafunsa.

"Ndayesa. Kameneko si kusuta, n'kumira. Ine ndimafuna kokoka mothina ngati ndudu. Kofewetsa mtima, osati kobisa mkazi wanga."

Anayesa zina zonse. Anapukuta pokhudzanirana batire ndi kathanki. Anatukula kachitsulo ka pakati pa batire ndi pini ya m'tsitsi la mayi, poganiza kuti kanalowa m'kati. Anatchaja batire mpaka litakhuta. Anasuzumira ngati miyendo ya koyilo ikugunda khoma la kathanki. Sinkagunda. Anadina. Phethi phethi. Kufiira komwe kuja.

"Maloko akakana timathira mafuta," ndinatero.

Onse atatu anandiyang'ana. Ndinatseka pakamwa.

Kenako ndinachita chinthu chimene mibadwo idzandiweruza nacho. Jekete inali itanyowa. Ndinaivula. Paketi ya ndudu inagwa kuchokera m'thumba. Yanga. Yongotsegula kumene. Inatsetsereka pasimenti n'kukaima pa nsapato ya a Chumuni.

Maso onse anagwera pa paketiyo.

A Chumuni anawerama pang'onopang'ono. Anasolola imodzi. Anaipititsa pansi pa mphuno, maso ali tsinzi, ngati munthu wanunkhiza kwawo.

Mayi anangogwira chogwirira cha sutikesi.

Amene anachita mantha anali a Mpotawaya. "Achemwali, taganizani kaye bwino. Kwanga kuja kulibe malo."

"Ndikakonza malo, achimwene. Ndikayambira zitsulo zili pabedi zija."

"Amenewo ndi mamota a anthu!"

"Ndikawatsuka ndi sopo."

A Mpotawaya anakumbukira zakale. Ulendo wina mlongo wawoyo anakachezako, anasanja mawaya onse potsata mitundu, ndipo mpaka lero ena sanapezeke.

"Alendo," anatero a Chumuni, "muli ndi machesi?"

Ndinayang'ana mayi.

"Apatseni, bambo," anatero. "Ine sindiletsa munthu. Ine ndimangonyamuka."

Ndinaika machesi patebulo ngati munthu wopereka mfuti. A Chumuni anaika ndudu kumanzere, machesi kumanja, n'kuimirira pakati pake.

"Alamu, ndikukupatsani koyilo imodzi yotsiriza. Ikakana, ndiyatsa iyi. Ndipo mkazi wanga akachoka, makiyi akasowa mwini, alendo akagona pa mashiti osachapa, dziko lidzadziwa kuti nyumba ino inagwetsedwa ndi munthu wodziwa zigayo basi, amene zala zake sizingathe ntchito yaulemu!"

Mawuwo analasa. A Mpotawaya anavula magalasi.

"Zala zanga? Chabwino. Batire lopanda mano ndilipatsa chakudya cha opanda mano. Muone manyazi anu ndi maso."

Anakhuthula bokosi la zida. Pansi penipeni panali mpukutu wina wa waya wa makoyilo, umene unabwera pamodzi ndi wonenepa uja. Woonda ngati tsitsi. Sanaugwirepo, poti kugwira waya wotero kunali kunyozetsa dzina lawo. Anadula chidutswa chachitali, anatenga kamsomali, n'kuyamba kuzunguliza. Kuzunguliza kulikonse kunali ndi mawu ake.

"Apa ndapotera mimba yanu. Apa ndapotera dazi lanu. Apa ndapotera jekete ija. Apa ndapotera njinga yanga munaibweza yopanda belu. Apa ndapotera kuimba kwanu pa ukwati."

"Mwaiwala mkonono," anatero mayi.

"Apa ndapotera mkonono. Apa masokosi."

"Masokosiwo poterani kawiri."

Anapota kawiri. Zodandaula zinali zambiri, ndipo koyilo inatalika. Itatha inali kanthu komvetsa chisoni, kofooka, konga kambozi. A Mpotawaya anakamangirira monyansidwa, anapisa thonje, anadonthezera madzi, n'kupereka ndi manja awiri ngati mphatso ya chipongwe.

"Landirani, agogo."

A Chumuni anagwira ndudu ya fodya kudzanja lina, chitsulo kudzanja lina. Anadina batani.

Kanyali kanayaka moyera. M'kathanki munamveka kaphokoso, tsss, ngati dontho la madzi pa chiwaya. A Chumuni anakoka. Anasunga. Anatulutsa kanthunzi kochepa, kaulemu, kosabisa munthu. Mapewa anatsika. Ndudu ya fodya inagwa pansi, ndipo palibe anaitola.

Mayi anachotsa dzanja pa sutikesi.

A Mpotawaya anayang'ana kambozi kawo nthawi yaitali, akukanda mutu ndi pulayala. Kenako anatsokomola.

"N'zoonekeratu. Waya wonenepa ndi waufupi umameza moto wambiri nthawi imodzi. Kabokosi kanga kamakwanitsa. Nkhalambayi ikaona kumeza koteroko imayesa shoti, kuti mawaya agundana, ndiye imadzitseka kuti isapse. Woonda wautali umamwa pang'onopang'ono."

"Ndiye kuti munalakwitsa, alamu?"

"Ndimaliyesa."

"Ndiye kuti batire langa ndi lanzeru."

"Ndi lamantha."

"Kodi munazunguliza kangati, achimwene?" anafunsa mayi. "Imeneyi idzapsanso."

A Mpotawaya anayang'ana kathanki. Sanawerenge. Palibe anawerenga. Ndipo a Chumuni anakumbatira chitsulo chawo, nati aliyense wofuna kutsegula kathanki kuti awerenge ayambe wadutsa pa mtembo wawo.

Motero pangano la mtendere linamangidwa, ndipo ine ndinali mboni. Popeza njira yokha yobwerezera koyilo yopambanayo inali kubwereza mawu amene inapotedwa nawo, anagwirizana kuti nthawi iliyonse koyilo ikapsa, a Mpotawaya azibwera ndi waya woonda n'kunyoza mlamu wawo mwandondomeko, kuyambira mimba mpaka masokosi, osadumpha, osawonjezera. Ndipo a Chumuni azikhala chete, manja pamawondo, n'kuthokoza pamapeto.

Anagwirana chanza. Sutikesi inayenera kubwerera pakabati. Alamu awiriwo anaigwira uku ndi uku, ine pakati. Inali yolemera ngati mota ya chigayo. Munkamveka mapoto ndi simbi. Mayiwo sankachita nthabwala. A Mpotawaya anatuluka thukuta losachokera ku kulemerako.

"Kwatsala mdani," anatero mayi, akuloza paketi yanga.

"Imeneyo ndi yanga, mayi."

"Inali yanu."

Mdipiti unayamba. Patsogolo a Chumuni, akufukiza nthunzi kumanja ndi kumanzere. Pambuyo pawo mayi, paketi ili pa thireyi ya tiyi. Kenako a Mpotawaya, akuimba bokosi la zida ndi sipanala. Kumapeto ine, wamasiye. Tinadutsa m'khonde lonse la zipinda. Alendo ena anasuzumira pazitseko, wina mswachi uli kukamwa. Kubafa tinaima mozungulira ndowa yokolopera. Mayi anamiza ndudu zanga imodziimodzi. Zinafufuma, zinang'ambika, madzi anasanduka ngati tiyi. A Chumuni ananena mawu otsanzika. Analira pang'ono. Inenso ndinalira, pa zifukwa zanga.

Ndinagona bwino. Mashiti anali ochapa.

Ndinadzuka kusanayere. Basi yoyamba sidikira munthu. Ndinasiya kiyi patebulo. Nyali ya kukhitchini inali ikuyaka, chitseko chili chotsegula pang'ono. A Mpotawaya sanapite kwawo. Anali kupota makoyilo osungira, kamsomali kali m'manja. A Chumuni atakhala moyang'anana nawo, manja pamawondo.

"Apa ndapotera kuimba kwanu pa ukwati. Apa masokosi."

"Mwadumpha mkonono, alamu."

"Pepani. Tiyambirenso. Apa ndapotera mimba yanu."

"Zikomo."

Ndinatuluka mwakachetechete. Mvula inali itasiya. Pokwerera basi panali mphepo yozizira, ndipo dzanja linapita lokha m'thumba la jekete, monga mwa masiku onse. Paketi munalibe. Munali machesi anga, ndi kanthu kena kolimba. Koyilo yonenepa, yonyezimira, imodzi mwa asilikali ogwa aja. Wina anaiponyamo usiku.

Ndinaika kamtengo ka machesi kukamwa. Basi inafika. Ndinakwera, ndikutafuna.