Pulogalamu ya ku Agra m'kope la mankhwala

Pasipoti yanga yatsala pang'ono kutha mphamvu, koma mkati mwake mulibe chidindo ngakhale chimodzi. Anthu akandifunsa ndimangoti ndi zaboma. Lero ndinene zoona, chifukwa pa Rumphi pano nkhaniyi aliyense amaidziwa, kungoti aliyense amaikamba moipitsa ine.

Kwathu ndi ku Ntchisi. Kuno ndinabwera ndi ntchito yauphunzitsi, ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina pafupi ndi Boma, ndipo ndinakwatira konkuno, mwana wa a Mhango. A Mhango ndi hedimasitala wopuma, mkulu wa mpingo, munthu amene amakukonza Chingerezi uli pakati powapatsa moni. Mtima wawo utayamba kuvuta, madokotala anawaika pa mndandanda wa odwala opita ku India. Dzina litatuluka panafunika gadiyani wamwamuna. Mwana wawo woyamba, alamu anga a Yotamu, amagwira ntchito ku Chelinda, kumalo osungirako nyama zakutchire, ndipo anati mabwana sangawalole. Maso onse anatembenukira kwa ine. Pasipoti ndinali nayo, sukulu zinali pafupi kutsekera.

"Asambizgi, mutithandize," anatero apongozi angawo, a Mhango, paja kuno aphunzitsi amati asambizgi. "Yewo chomene."

Ndinavomera ndi nkhope yachisoni monga zimafunikira. Koma nditafika kunyumba ndinatsegula mapu pafoni (musafulumire kundiweruza), n'kupeza kuti chipatalacho chili ku Delhi, ndipo kuchoka ku Delhi kukafika ku Agra ndi maola ochepa pa sitima. Agra! Zaka zonsezi ndakhala ndikuonetsa ana chithunzi cha Taj Mahal m'buku long'ambika, chofufutika ngati cha munthu wosowa, tsono ndikafike pakhomo pake n'kubwerera nditangoona makoma a chipatala?

Satana analankhula kudzera mwa dokotala wa ku Mzuzu. Anatifotokozera kuti tsiku la opaleshoni ndi masiku awiri otsatira, wodwala amakhala m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo gadiyani saloledwa kulowamo kupatula kanthawi kochepa. Mkazi wanga NyaMhango anapukuta misozi. Ine ndinamva mawu amodzi okha: masiku atatu.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wofufuza. Nthawi ya buleki anzanga akumwa tiyi, ine ndinali pa ndandanda wa sitima. Ndinaloweza geti lolowera alendo ku Taj Mahal, ndinadziwa kuti Lachisanu amatseka. Ndinakafunsanso Mmwenye wina wa sitolo ku Mzuzu, koma iye anati anabadwira ku Limbe, India amangoimva ngati ine. Anandigulitsa chipewa cha dzuwa.

Cholakwa changa chachikulu chinali kope. NyaMhango anandipatsa kope loti ndizilembamo mankhwala a adada, bambo akewo: dzina, nthawi, kuchuluka kwake. Ndinalemba bwinobwino masamba awiri. Pa tsamba lachitatu ndinalemba mutu wakuti PULOGALAMU, n'kuudula mzere ndi rula. Ndine mphunzitsi, chinthu ndikapanda kuchilemba sindichikhulupirira. Komanso ndikamalemba ndimadzilangiza ndekha, ngati mmene ndimachitira ndi mapulani a phunziro.

Kutatsala masabata angapo, mapepala a viza tisanatumize, banja linaitanitsa mapemphero kwa apongozi Lamulungu masana. Kunabwera abusa, akulu a mpingo, amayi a kwaya, ndi a Yotamu amene anatsika ku Chelinda. Ine monga mkamwini ndinali panja, kunyamula mabenchi. Ndikulowa ndi benchi lomaliza, ndinamva abusa akuti, "Tidziwe masiku ake, kuti mpingo uzipemphera tsiku ndi tsiku mogwirizana ndi zochitika."

"Zonse analemba bambo a Temwa," anatero mkazi wanga monyadira, uku akutulutsa kope m'chikwama changa n'kupereka kwa mchimwene wake.

Ndikanaponya benchi n'kulumpha. Sindinatero. Ndinaima pakhomo nditalinyamula, ndikuganiza kuti mwina ayamba aona okha n'kudumpha. A Yotamu sadumpha kanthu. Amawerenga ngati akuwerenga mawu a tsiku kutchalitchi.

"Lolemba, kufika Delhi. Lachiwiri, adada ayezedwa magazi."

"Ambuye atsogole," anthu anavomera.

"Lachitatu, adada alowa ku fiyeta m'mawa. Akangolowa, thamanga ku siteshoni."

Apa anavomera anthu awiri okha.

"Lachinayi, adada adzakhala asakudziwa chilichonse. Taj Mahal dzuwa likutuluka. Masana, linga lofiira la mafumu. Osaiwala chipewa." Anatsokomola, n'kupitiriza. "Lachisanu, bwerera ku chipatala. Usamete ndevu, uoneke ngati wagona pa benchi."

Benchi linali likadali m'manja mwanga. Mayi wina wa kwaya, amene sanamvetse, anafunsa mwaulemu kuti kodi Taj Mahal ndi chipatala china. Apongozi sanalole funso la mbiri yakale liwadutse, ngakhale akudwala.

"Ndi manda, mama," anatero pang'onopang'ono. "Manda a mkazi wa mfumu. Okongola chomene. Asambizgi aona kuti ine ndili pa mpeni, iwo akayambiretu kuyendera manda."

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati dokotala ananena yekha kuti gadiyani saloledwa. Ndinati foni ikanakhala yotsegula. Ndinatinso (apa ndiye ndinadzikwirira) sitima zake ndi zothamanga, pakanachitika kanthu ndikanafika tsiku lomwelo.

"Kanthu kanji, alamu?" anafunsa a Yotamu.

Abusa anayambitsa nyimbo kuti apulumutse zinthu, koma inangoyenda ndime imodzi. Pobwerera kunyumba NyaMhango anayenda patsogolo ine pambuyo. Pafupi ndi msika anatembenuka.

"Zopita ku Agra ndikanakukhululukirani, bambo a Temwa. Koma ndevu? Munakhala pansi n'kuganizira za ndevu?"

Sabata yomweyo mabwana a ku Chelinda anapezeka kuti ndi anthu achifundo. A Yotamu anapatsidwa tchuthi, dzina langa linafufutidwa pa mapepala, ndipo palibe anandiuza. Ndinamvera kwa mphunzitsi mnzanga, amene anamva kwa mkazi wake, amene anamva ku chigayo. Tsiku lonyamuka ndinanyamula masutikesi mpaka pa minibasi ya ku Mzuzu. Ntchito yanga inathera pomwepo.

Opaleshoni inayenda bwino, ndipo ndinathokoza Mulungu ndi mtima wonse, kaya mukhulupirira kaya ayi. Chimene chimandiwawa ndi chotsatira. Atatuluka m'chipatala, madokotala anawauza kuti adikire kaye asanakwere ndege. Apongozi atapeza mphamvu anati sangabwerere osaona manda amene anatsala pang'ono kuwasiyitsa okha. Kope anali nalo, paja munali mankhwala. Anatsata pulogalamu yanga mzere ndi mzere: sitima yanga, geti langa, ola langa.

Atabwerako tinapita kukawaona. A Yotamu anati, "Palibe chodabwitsa, alamu. Nyumba yoyera basi, anthu ngati nyerere, kutentha. Ku Chelinda n'kwabwino." Munthu ameneyu anaima pamalo pamene ine ndalota zaka zonse, iye akuganiza za mbawala. Apongozi anandibwezera kope atalichonga ndi cholembera chofiira. Anakonza masipelo awiri, ndipo pansi analemba kuti: Kafukufuku wabwino, khalidwe likufunika kuwonjezera. Chithunzi chawo, awiriwo atatsinzina ndi dzuwa kutsogolo kwa Taj Mahal, anachipachika pabalaza moyang'anizana ndi mpando umene amakhazikapo akamwini.

Kusukulu ana a Fomu 3 amanditcha Agra. Ndikalowa m'kalasi ndisanamete, wina kumbuyo amafunsa ngati ndagona pa benchi.

Chaka chamawa apongozi akuyenera kubwereranso kukaonedwa ndi madokotala aja. Za gadiyani palibe wanena kanthu, ndipo ndikalowa pabalaza nkhaniyo imasanduka ya mvula. Komabe phunziro ndinalitola. Kuchoka ku Delhi kupita ku Jaipur nakonso si kutali, sitima ilipo ya m'mawa, ndipo nyumba zachifumu ndazipanga kale ndandanda. Zonse zili m'mutu. Sindinalembe paliponse.