Nkhuku za anaPhiri Zakana Mabokosi

Lolemba
Nkhuku zisanu za malemu mkazi wanga anaPhiri zikuikira paliponse: pansi pa mpopi, m'tayala lakale, kuseri kwa chimbudzi. Eni ake ankadziwa kotola mazira. Ine ndimawapeza nditawaponda. Mwana wathu Rudo waimba kuchokera ku Harare. Ine Chichewa, iye Chishona: "Baba, hamuzvigone." Akuti sindingathe kukhala ndekha, ndigulitse nkhuku ndisamukire kwa iye. Abwera Loweruka. Adzapeza mabokosi oikiramo, dzira lililonse pamalo pake!

Lachiwiri
Zomwe zilipo pakhomo: ndowa yobooka, kireti ya zakumwa, beseni ladzimbiri. Zonse zochititsa manyazi. Ndapita kwa kalipentala wa m'dera lathu lino la Zengeza 2. Wandifunsa kukula kwa nkhuku zanga. Zaka zonsezi ndikuziona pabwalo, koma sindikudziwa. Ndamuyezera ndi manja.

Lachitatu
Mabokosi afika pa wilibala. Aatali, amatabwa oyera. Mai Chikore, oyandikana nawo nyumba, asuzumira pampanda n'kufunsa motsitsa mawu ngati kwagwanso zovuta. Ndathiramo utuchi. Nkhuku zaima patali, zili duu.

Lachinayi
Malangizo a Mai Chikore: nkhuku imafuna mdima, ndiponso muikemo dzira loinyengerera. Ndaphimba ndi thumba, dzira ndaikamo. Madzulo dzira mulibe. Muli mphaka wawo, akunyambita ndevu.

Lachisanu
Pabwalo ponse palibe dzira ngakhale limodzi. Masana ndikumva nkhuku ikutetera m'nyumba. Kuchipinda! Yalowera pazenera. Wodilobu sitsekeka bwino, ndipo mbali ya anaPhiri sindinaigwire chiikire maliro. Thadzi lofiira lakhala pa nsalu zawo za kutchalitchi, pansi pake mazira ofunda. Nsaluzo zikununkhirabe sopo wawo. Ndinabwera ndi tsache. Ndakhala pabedi, tsache lili m'manja, osalikweza.

Loweruka
Rudo wafika. Mabokosi wawayamikira, kenako wavundukula thumba: utuchi wokhawokha. Walowa kuchipinda kuti alonge zovala za mayi ake, azikagawa kwa abale. Thadzi lamujompha chala. Wakuwa, wandiitana. Ndamupeza atagwada pa wodilobu, nsalu imodzi ili kumaso. Chikwama chomwe anabweretsa wabwerera nacho chopanda chovala, muli mazira okha okulunga m'nyuzipepala. Za kusamuka akuti tidzakambirana pa Khirisimasi. Sanati ayi, sanati inde.

Lamulungu
Kutchalitchi, pakati pa pemphero, mkulu wa mpingo wandichotsa nthenga paphewa la jekete. Mabokosi ndasiya, mwina adzasunga makala. Zenera lakuchipinda likhala lotsegula. Lero zalowa zitatu, yachinayi ikudikira pakhonde. Nsapato zanga zili m'katimo, koma nkhukuzo zikaona munthu zimadzidzimuka. Ndaima pachitseko, ndagogoda kaye.