Zimbale Makumi Anayi za a Isake

Ku Mitundu aliyense akudziwa kuti malemu a Isake ankayamba anunkhiza nyimbo asanaimve. Ankasolola chimbale chakuda chija m'kathumba, n'kuchiunika padzuwa, n'kuchidutsitsa pamphuno ngati tsamba la fodya. "Iyi inauma bwino," ankatero, ndipo pokhapo singano ya galamafoni inkatera.

Khalidweli analitenga kuntchito. Anasankha fodya zaka makumi awiri pa esiteti ina cha ku Nathenje, ndipo mzungu wawo pobwerera kwawo anafunsa aliyense chimene akufuna. Anzawo anapempha njinga, ena malata. A Isake anapempha galamafoni ndi zimbale makumi anayi za nyimbo za roko, zija za azungu atsitsi lofika m'mapewa, okanda gitala ngati inawalakwira. Akazi awo, mayi Elube, nkhani ya malatayo ankaikumbutsa chaka chilichonse mvula ikayamba.

Chizungu ankadziwa chopemphera tchuthi basi, koma sizinkawadetsa nkhawa. Ankati mawu ndi zinyalala, nyimbo ili m'ng'oma ndi m'gitala. Zimbalezo anazigawa m'magiredi atatu monga fodya: yoyamba, yachiwiri ndi sikirapu, ndipo chimbale chinkatha kukwezedwa kapena kutsitsidwa malinga ndi m'mene chaimbira Lamlungu limenelo.

Matthews, telala wapakhonde la golosale pamsika, analowa m'nkhaniyi chifukwa cha chiswe. Chitadya zikuto zonse pamodzi ndi maina a oimba, a Isake anamuuza asoke timatumba makumi anayi. Tsiku lokapereka anamukhazika pampando.

"A telala, mvetserani awa. Ndimawatcha Osameta Asanu. Wang'omayu wadya, mukumumva? Koma wagitalayu anamumana."

"Ine ndikungomva phokoso, a Isake."

"Inunso simunadye. Mayi, tiyi kuno."

Kenaka anaika china chimene ankachitcha Wolira M'bafa. Munthuyo anakuwa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

"Uyu ndi sikirapu," anatero a Isake. "Akulira, koma palibe chamupweteka."

"Nanga mumamusungiranji?"

"Kuti abwinowo azidziwika."

Anayesetsa kukopa anthu ena, koma zinkakanika. Ankaitana anzawo a kutchalitchi, iwo n'kumwa tiyi, gitala ikangoyamba aliyense n'kukumbukira kuti mbuzi zake sanazimasule. Paukwati wina anapita kwa woika nyimbo n'kumugwira paphewa.

"Ng'oma imeneyi akuimba ndani?"

"Kompyuta, madala."

"Ikatopa imatani?"

"Siitopa."

"N'chifukwa chake ilibe chonena."

Anatsala ndi Matthews yekha. Poyamba telalayo ankapitira tiyi, tisabise. Koma tsiku lina akusoka yunifolomu anazindikira kuti phazi lake likuponda makina motsatira ng'oma ya Osameta Asanu, ndipo anachita manyazi ngati wagwidwa akuba. Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana, kwa zaka khumi ndi chimodzi, ankanyamula batire la galamafoniyo panjinga kukatchajitsa, n'kukakhala pampando uja. Anafika pomatsutsa ndithu, ndipo a Isake ankakondwa kwambiri akatsutsidwa.

Makutu atayamba kufa, a Isake ankagireda ndi dzanja, ataligwiritsa pasipika. Thupi litayambanso kukana, anamuitana Matthews pamkeka pomwe anagona.

"A telala, chimbale chopanda galamafoni n'chovundikirira mphika. Galamafoni yopanda zimbale ndi bokosi loikiramo nkhuku. Ndikapita, musalole azisiyanitse. Zonse zikhale kwa inu."

"Ndamva, a Isake. Sizisiyana."

Analonjeza ndi mtima wonse, koma palibe wina anamva, ndipo onse awiri sanaganize zolemba.

Anamwalira mu Okutobala. Maliro atatha, abale anasonkhana pabwalo kugawa katundu wa malemu monga mwa mwambo, ndipo wogawa anali a Dickson, mwana wamkulu wa mlongo wawo, wa ku Nathenje. A Dickson si munthu woipa ayi. Vuto lawo n'chilungamo. Jekete inapita kwa uyu, khasu kwa uyo, ndipo atafika pa zimbale anawerenga mitu ya abale n'kusangalala kuti zikwanira.

"Aliyense chimodzi, pasakhale wodandaula. Batire kwa mayiwa, azitchajira foni. Galamafoni ndisunga ine, kwathu kuli sola."

Matthews anaimirira.

"Pepani akuluakulu. Malemu anandiuza kuti zimenezi zisasiyane."

"Zikomo bambo. Inu ndinu a mbali iti, ya kuchimuna kapena kuchikazi?"

"Ndine telala."

Anthu anaseka, kuseka kwawo koyamba chichitikire maliro, ndipo ena anamuyamikira kuti wawapepusa. Iye anakhala pansi n'kumaonerera giredi yoyamba ikusakanikirana ndi sikirapu, timatumba take tikulowa m'zikwama za anthu. Pochoka, mayi Elube anamutsatira n'kumupatsa chawo.

"Tengani bambo. Ine ndinazimva zinandikwana."

Atayang'ana kathumbako anapeza kuti ndi Wolira M'bafa.

Sanagonje msanga. Anayenda khomo ndi khomo kupempha, koma ena ankati n'chikumbutso cha malume, ena anali atachipezera kale ntchito. China anachiona chikulendewera pachingwe kudimba, chikuopseza mbalame. China chili kumbuyo kwa njinga ya kabaza, atachilemba vesi ndi penti yoyera. Osameta Asanu anawapeza atavundikira ndowa ya thobwa pamsika, atapindika ndi dzuwa. Anagula thobwalo n'kulephera kumwa.

Pomaliza anakwera minibasi kupita ku Nathenje, chimbale chake pachifuwa, kuti mwina a Dickson amulole angomva kamodzi. Anamulandira bwino. Sipika anali ataichotsa n'kuilumikiza ku foni, ndipo inkaimba kwaya bwinobwino. Singano palibe ankadziwa komwe inagwera. Bokosilo linali kukhitchini, ndipo m'katimo munali thadzi likufungatira mazira asanu ndi atatu.

"Malume anatisiyira chinthu chothandiza," anatero a Dickson.

Matthews anavomera, n'kutsanzika.

Masiku ano Lamlungu masana kumudzi kwa a Isake kuli zii. Nkhuku zimadya mwamtendere pabwalo, ndipo amene ankadandaula za phokoso aja akuti tsikulo likutalika. Pamsika nyimbo zilipo zambiri, zikutuluka m'sitolo iliyonse, koma palibe amaima n'kufunsa ngati wang'omayo wadya.

Matthews amapitabe kukhonde lake ngakhale Lamlungu, poti alibe kwina kopita. Amasolola Wolira M'bafa, n'kumuunika padzuwa, n'kumununkhiza. Amangomva fumbi ndi kafungo ka fodya ka zala za mnzake, ndipo nakonso kakutha. Zimamupweteka kuti analonjeza munthu wakufa chinthu chimene analephera. Sabata yatha anayesa kuponda makina motsatira ng'oma ya Osameta Asanu, monga kale. Atafika pakati anaiwala potsatira, phazi linaima, ndipo m'Mitundu monse munalibe woti amufunse.